Kapangidwe ka vinyo wa maluwa a dandelion ndi zipatso pakhomo

Anthu ambiri amene amayesa kupanga vinyo wa maluwa a dandelion koyamba amamaliza ndi chakumwa chowawa ngati mankhwala, chamatuwituwi, kapena chopanda mphamvu ngati madzi a shuga osasa. Ena amafika potsekera m'mabotolo bwinobwino, koma patapita milungu ingapo mabotolowo n'kuphulika. Mavuto onsewa amachokera pa kusamvetsa ntchito ya chinthu chilichonse chimene chimalowa mu vinyoyu. Duwa la dandelion, lachikasu lomera lokha m'makapinga, limapereka fungo lofatsa ndi mtundu wachikasu basi. Lilibe shuga wokwanira, lilibe kuwawasa kumene vinyo amafuna, komanso lilibe chakudya cha yisiti. Zonsezi zimachokera ku zipatso ndi ku shuga amene mumathiramo, ndipo n'chifukwa chake vinyo wa dandelion wopanda zipatso sakoma.

Duwali limamera kwambiri m'mayiko ozizira monga Britain, Ireland, Canada ndi United States, kumene limaphuka mochuluka m'miyezi ya Epulo ndi Meyi. Ku England anthu ali ndi chizolowezi chothyola maluwa a vinyoyu pa 23 Epulo, tsiku lokumbukira George Woyera, ngakhale kuti tsiku lililonse la dzuwa m'nyengoyi ndi labwino. Ku South Africa duwali limapezekanso m'makapinga, koma nyengo yake ndi ya Seputembala ndi Okutobala. Miyezo imene ili m'munsiyi ndi ya malita 4.5, amene amadzaza mabotolo 6 a mamililita 750.

Zipangizo zofunika

Mufunika mphika waukulu wachitsulo chosachita dzimbiri kapena wa enamelo. Mphika wa aluminiyamu usagwiritsidwe ntchito, chifukwa madzi a mandimu amaudya ndipo vinyo amamveka chitsulo m'kamwa.

Mufunika ndowa ya pulasitiki yosungiramo zakudya, ya malita 10, yokhala ndi chivindikiro. Ndowa imene munakhalapo penti, palafini, feteleza kapena mankhwala ochapira siyenera, ngakhale mutaitsuka kangati.

Mufunika mabotolo akuluakulu awiri agalasi a malita 4.5, amene m'masitolo a zofululira amawatcha demijohn, pamodzi ndi chotsekera cha labala ndi airlock. Airlock ndi kachipangizo kopindika kamene mumathiramo madzi pang'ono kuti mpweya wochokera mu vinyo uzituluka koma wakunja usamalowe. Ngati mulibe, boolani chotsekera, lowetsanimo kapaipi kothina bwino, kenako mizani mbali ina ya kapaipiko m'botolo la madzi oyera.

Zina ndi nsalu yoyera yosefera, paipi ya pulasitiki yoonekera mkati yotalika mita imodzi ndi theka, fanelo, supuni yaitali, sikelo ya kukhitchini, choyezera kutentha, ndi mabotolo 6 a vinyo ndi zotsekera zatsopano. Chomaliza ndi hydrometer, kagalasi koyandama koyezera kuchuluka kwa shuga m'madzi. Ambiri amakaona ngati kosafunika, koma ndi kamene kamakuuzani zoona ngati vinyo wamaliza kuwira, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi mabotolo ophulika.

Zothiramo

Timasamba tachikasu ta maluwa a dandelion tokwana malita 2 tosatsindira. Kuti tikwane, muyenera kuthyola mitu ya maluwa yodzaza malita 4 kapena 5.

Shuga woyera magalamu 900, mphesa zouma zoyererako magalamu 250, malalanje awiri, mandimu awiri, ndi madzi malita 4.5.

Paketi imodzi ya yisiti ya vinyo ya magalamu 5, monga Lalvin EC-1118 kapena ina yopangira vinyo woyera. Tiyisupuni imodzi ya chakudya cha yisiti, tiyisupuni imodzi ya pectic enzyme (mankhwala othandiza vinyo kuyera), theka la kapu ya tiyi wakuda wolimba wopanda mkaka ndi shuga, ndi mapiritsi a Campden angapo (mapiritsi a sulphite opha tizilombo towononga vinyo).

1. Thyolani maluwa oyenera pa nthawi yoyenera

Pitani kukathyola tsiku la dzuwa, mame atauma, kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka masana. Duwa la dandelion limatseguka padzuwa ndipo limadzitseka madzulo kapena kukagwa mvula, ndiye lotsekeka limavuta kuchotsa timasamba take. Sankhani otseguka bwino, achikasu chowala, osati ofota.

Samalani posiyanitsa duwali ndi ena ofanana nalo amene amamera m'makapinga omwewo. Dandelion weniweni amakhala ndi duwa limodzi pa phesi limodzi. Phesilo ndi losalala, lopanda masamba, lopanda nthambi, lamphako mkati, ndipo mukalithyola limatulutsa utomoni woyera. Mukaona phesi lolimba lokhala ndi nthambi ndi maluwa angapo, limenelo ndi duwa lina, lisiyeni.

Musathyole m'mbali mwa misewu ya magalimoto ambiri, m'mapaki mmene anthu amayendetsa agalu, kapena pa kapinga amene mukukayikira kuti anapoperapo mankhwala opha udzu. Ngati malowo ndi a munthu wina, pemphani kaye. Musamalize maluwa onse pamalo amodzi, pakuti m'nyengo imeneyi njuchi zimadalira maluwawa.

2. Chotsani chobiriwira chilichonse

Apa ndi pamene vinyo ambiri amawonongekera. Kumunsi kwa duwa kuli kachikho kobiriwira kamene kamagwira timasamba tachikasu, ndipo kachikhoka pamodzi ndi phesi kali ndi utomoni wowawa kwambiri. Kuwawa kumeneku kukalowa mu vinyo sikuchoka, ngakhale mutamusunga zaka ziwiri kapena kuthiramo shuga wambiri.

Yalani maluwawo pa nsalu pamthunzi kwa mphindi zochepa kuti tizilombo tobisala mkati tichoke tokha. Kenako gwirani duwa lililonse, finyani kachikho kobiriwira pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala n'kukapotokola pang'ono. Timasamba timamasuka ndipo mumatizula tonse pamodzi. Ena amadula kumunsi kwa duwa ndi sizasi n'kusankha zobiriwira zotsalira ndi manja. Njira zonse ziwiri ndi zabwino, malinga ngati m'mbale mukutsala zachikasu ndi tiubweya toyera ta kumunsi kwake.

Ntchitoyi imadya nthawi, mwina maola awiri kwa munthu mmodzi, ndipo utomoni umadetsa zala, choncho valani magolovesi kapena itanani wina akuthandizeni. Iyenera kuchitika tsiku lomwelo, chifukwa maluwa othyola amadzitseka ndi kufota pa maola ochepa. Ngati simunapeze okwanira, ikani timasamba tosankha kale m'thumba la pulasitiki mu firiza mpaka mutasonkhanitsa malita 2. Musatsuke maluwa ndi madzi ambiri, chifukwa mungu umene umanyamula mbali ya fungo umapita ndi madziwo. Madzi owira a gawo 4 ndi amene adzaphe tizilombo.

3. Yeretsani zipangizo zonse

Tsukani ndowa, supuni, nsalu, fanelo ndi china chilichonse chokhudza vinyo ndi sopo ndi madzi otentha, kenako tsukuluzani bwino. Mukatero phwanyani mapiritsi a Campden angapo m'madzi molingana ndi malangizo a pa paketi, n'kutsukuluzira zipangizozo, kapena gwiritsani ntchito mankhwala oyeretsera ogulitsidwa m'masitolo a zofululira. Musanunkhize madzi a Campden pafupi, pakuti mpweya wake umatsamwitsa, makamaka kwa amene ali ndi mphumu. Bulichi wa m'nyumba mupeweni, chifukwa akatsalira pang'ono amasiya fungo la nkhungu mu vinyo. Nsalu yosefera iwiritseni kwa mphindi 10. Kuyeretsa kumeneku muzikubwereza nthawi iliyonse mukafuna kukhudza vinyo.

4. Viikani timasamba m'madzi owira

Tsukani malalanje ndi mandimu ndi madzi otentha kuti phula limene amapaka zipatso za m'masitolo lichoke. Sendani khungu lakunja lokha, mopyapyala, osatenga choyera chamkati, chifukwa nachonso n'chowawa. Zipatso zosendazo zisungeni mu firiji.

Ikani timasamba ndi makungu aja mu ndowa, wiritsani madzi malita 4, ndipo muwathire pamwamba ali chiwirire. Vindikirani, n'kumavundula kawiri pa tsiku kwa masiku awiri. Musapitirire masiku awiri, makamaka ngati m'nyumba mukutentha, chifukwa timasamba timayamba kuola ndipo fungo la kuolako limatsatira vinyo mpaka m'botolo. Madzi amasanduka achikasu chakuda, ndipo fungo lake pa nthawiyi limakhala la udzu wonyowa. Zimenezo zisakudetseni nkhawa.

5. Sefani, sungunulani shuga, onjezani zipatso

Sefani madziwo pa nsalu kulowa mumphika, ndipo finyani timasamba pang'ono chabe. Ikani mphika pamoto, thiranimo shuga magalamu 800, n'kumavundula mpaka asungunuke yense. Lolani madziwo abwate pang'onopang'ono kwa mphindi 10. Magalamu 100 otsalawo asungeni kaye.

Mphesa zouma zambiri zogulitsa zimapakidwa mafuta kuti zisamatane, choncho zitsukeni ndi madzi otentha, kenako ziduleni tizidutswa kuti shuga ndi zakudya zamkati zituluke. Ziikeni mu ndowa yoyeretsa n'kuthirapo madzi otentha a shuga aja. Zikazizira mpaka kufika pa madigiri 25 kapena kucheperapo, finyiranimo madzi a malalanje ndi mandimu, njere zisalowe, ndipo onjezani tiyi, chakudya cha yisiti ndi pectic enzyme. Enzyme imeneyi imaphwanya zinthu za m'zipatso zimene zimachititsa vinyo kukhala wamatuwituwi, koma imafa m'madzi otentha. Vindikirani ndi kudikira maola 12 mpaka 24.

Chipatso chilichonse chili ndi ntchito yake pano. Mphesa zouma zimapatsa vinyo thupi, kuti asamveke wamadzimadzi m'kamwa, komanso zimadyetsa yisiti. Mandimu ndi malalanje amabweretsa kuwawasa kumene kumathandiza yisiti kugwira ntchito bwino ndi kuteteza vinyo ku tizilombo towononga. Tiyi amabweretsa kakhambi pang'ono kamene mu vinyo wa mphesa kamachokera ku makungu ndi njere. Amene akufuna vinyo wolemererako angathe kuphika nthochi ziwiri zakupsa m'madzi ochepa kwa mphindi 20, n'kuthira madzi osefa okhawo. Mapichesi kapena maapurikoti okwana theka la kilogalamu, ochotsa njere, amagwirizananso ndi duwali. Mango ndi chinanazi sindikukulangizani, pakuti fungo lake ndi lamphamvu moti limakwirira la duwa, ndipo maola onse amene munathera posankha timasamba amakhala opanda phindu.

6. Yezani shuga

Tungani madzi pang'ono osefa, ikanimo hydrometer, ndipo werengani nambala imene ili pamlingo wa madzi. Mukufuna pakati pa 1.080 ndi 1.090. Ngati ili pansi, sungunulani shuga wotsala uja m'madzi otentha ochepa, muziziritse, muthiremo ndi kuyezanso. Ngati yapitirira, onjezani madzi owiritsa ozizira. Lembani nambalayo ndi tsiku lake.

Shuga pafupifupi magalamu 17 pa lita imodzi amabala 1 peresenti ya mowa, choncho miyezo iyi imapereka vinyo wa maperesenti 11 mpaka 12. Malangizo ambiri akale a ku England amatchula shuga wopitirira kilogalamu imodzi ndi magalamu 300 pa madzi omwewa, koma zotsatira zake zimakhala vinyo wotsekemera mopitirira, chifukwa yisiti imatopa shuga asanathe.

7. Thirani yisiti

Onetsetsani kuti madzi ali pakati pa madigiri 18 ndi 24, kenako thirani yisiti monga mmene paketi ikunenera. Madzi otentha kupitirira madigiri 40 amaipha, ndipo ozizira kwambiri amaigoneka. Yisiti ya buledi imawiritsa ndithu, koma imasiya fungo la mkate, simira bwino pansi, ndipo nthawi zambiri imaima shuga asanathe. Pa vinyo wa fungo lofatsa ngati ameneyu, yisiti ya vinyo ndi yofunikadi.

8. Kuwira koyamba mu ndowa

Vindikirani ndowa mosakanikiza, kapena mangani nsalu yoyera pakamwa pake. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri mudzaona thovu ndi kumva kusosoma. Mphesa zimayandama pamwamba, ndipo tsiku lililonse muyenera kuzimiza ndi supuni yoyeretsa kuti zisaume ndi kuchita nkhungu. Chitani zimenezi kwa masiku 5 mpaka 7. Tintchentche ting'onoting'ono ta zipatso tisapeze polowera, chifukwa timanyamula tizilombo tosandutsa vinyo kukhala viniga.

9. Thirani mu demijohn

Sefani vinyo kulowa mu demijohn yoyeretsa kudzera pa fanelo ndi nsalu. Dzazani mpaka paphewa pa botolo, kuti thovu likhale ndi malo, kenako tsekani ndi airlock yothira madzi. Kuwira kukachepa patapita masiku angapo, onjezani madzi owiritsa ozizira mpaka m'khosi mwa botolo. Ikani botolo pamalo amdima, osatentha ndi osazizira kwambiri, kutali ndi chotenthetsera m'nyumba ndi pawindo. Muziyang'ana kuti madzi a mu airlock asaume. Pa nthawi imeneyi musatseke botolo ndi chotsekera chosatulutsa mpweya.

10. Tsimikizani kuti kuwira kwatha

Kuwira kumatenga milungu 4 mpaka 8, malingana ndi kutentha. Kusiya kutumphuka kwa madzi a mu airlock si umboni woti kwatha, chifukwa yisiti ikazizidwa imangogona n'kudzadzukanso kukatentha. Yezani ndi hydrometer. Nambala ikakhala pansi pa 1.000, kawirikawiri pakati pa 0.990 ndi 0.998, ndipo osasintha mukayezanso patapita masiku atatu kapena anayi, vinyo wamaliza. Kuti mudziwe mphamvu yake, chotserani nambala yomaliza pa yoyamba n'kuchulukitsa ndi 131. Mwachitsanzo, 1.088 kuchotsera 0.996 kumatsala 0.092, zimene zikupereka maperesenti 12.

11. Chotsani vinyo pa nsenga

Pansi pa botolo padzakhala nsenga zoyererako za yisiti yakufa. Vinyo akakhalitsa pa nsengazi amatenga fungo loipa. Ikani botolo la vinyo patebulo ndi lina lopanda kanthu pansi, lowetsani paipi mpaka pamwamba pang'ono pa nsenga, ndipo lolani vinyo atsike yekha. Kumapeto kwa paipi kukhale pansi penipeni pa botolo lolandira kuti vinyo asakhavuke ndi kumwa mpweya. Thiranimo piritsi limodzi la Campden lophwanya, dzazani mpaka m'khosi ndi vinyo woyera wogula kapena madzi owiritsa ochepa, n'kubwezeretsa airlock. Bwerezani zimenezi pakatha miyezi iwiri kapena itatu, mpaka vinyo ayere moti mutha kuwerenga zolemba kuseri kwa botolo.

12. Kutsekemeretsa ndi kutsekera m'mabotolo

Lawani. Ngati mukufuna kuti atsekemere pang'ono, musangothira shuga, chifukwa yisiti yotsala idzayambiranso kuwira m'botolo. Yambani mwathira potassium sorbate, mankhwala oletsa yisiti kuswana, molingana ndi paketi pamodzi ndi piritsi la Campden, kenako shuga wosungunula pang'onopang'ono mukulawa, ndipo dikirani sabata imodzi kapena awiri kuti muone ngati kuwira sikunayambirenso. Njira yosavuta kuposa imeneyi ndi kutsekera vinyo momwe alili, n'kumathira shuga kapena uchi m'tambula pa nthawi yakumwa.

Dzazani mabotolo oyeretsa kudzera pa paipi, kusiya mpata wa zala ziwiri pansi pa chotsekera. Mabotolo otsekera ndi koko (cork) aimikeni masiku atatu, kenako agonekeni kuti koko asaume. Lembani tsiku pa botolo lililonse ndipo sungani pamdima pozizira kwa miyezi 6 kapena kuposa. Vinyo wa dandelion wongotsekera kumene amakhala waukali ndi wosakoma, ndipo ambiri amamutaya poganiza kuti walephereka, pamene akanadikira chaka akanapeza vinyo wofewa wa fungo lopita ku uchi.

Kwa amene ali kumene dandelion sapezeka, monga madera ambiri a ku Malawi, njira yomweyi imagwira ntchito ndi chidede. Kusiyana kwake n'koti chidede ndi chowawasa kale, choncho mandimu achepetsedwe kapena asathiridwe n'komwe, ndipo vinyo wake amakhala wofiira.

Zolakwika zofala

Vinyo wowawa amasonyeza kuti munalowa zobiriwira za duwa, choyera cha m'makungu a malalanje ndi mandimu, kapena njere. Palibe njira yeniyeni yomukonzera, kupatula kumusakaniza ndi vinyo wina.

Kuwira kukaima shuga akadalipo, choyamba onani kutentha. Sunthirani botolo pamalo ofunda a madigiri 20 mpaka 24 ndi kuligwedeza pang'ono kuti yisiti idzuke. Zikakanika, yambitsani yisiti yatsopano m'kapu ya madzi ofunda a shuga pang'ono, ndipo ikachita thovu muziwonjezeramo vinyo woimayo pang'onopang'ono musanathire zonse m'botolo. Fungo la mazira oola pa nthawi yowira limasonyeza kuti yisiti ikusowa chakudya. Vundulani ndi kuwonjezera chakudya cha yisiti ngati kuwira kukadali koyambirira.

Fungo la viniga limabwera chifukwa cha mpweya wolowa, airlock youma, botolo losadzaza kapena tintchentche. Vinyo akasanduka viniga sabwereranso. Mukaona nkhungu yaubweya, yobiriwira kapena yakuda, tayani zonse ndipo yeretsani zipangizo mosamala.

Vinyo wokana kuyera nthawi zambiri amakhala kuti sanathiridwe pectic enzyme kapena inathiridwa m'madzi otentha. Thirani ina, ikani botolo pamalo ozizira, ndipo lipatseni milungu ingapo.

Mabotolo ophulika ndi zotsekera zothawa zimachitika vinyo akatsekeredwa asanamalize kuwira. Mukaona botolo limodzi lachita zimenezi, ikani otsalawo pozizira, valani magolovesi ndi zoteteza maso, atseguleni mosamala, n'kubwezera vinyo mu demijohn ya airlock.

Anthu amene thupi lawo limadana ndi mungu wa maluwa a banja la mpendadzuwa asamale pothyola ndi pakumwa, pakuti dandelion ndi wa banja lomwelo. Mlendo amene ali ndi mphumu muuzeni kuti mu vinyo muli Campden. Amayi oyembekezera ndi ana asamwe, ndipo mabotolo asungidwe posafikira ana, chifukwa mtundu wa vinyoyu umafanana ndi wa juwisi.

Cholakwika china ndi kuyesa kutcheza vinyoyu ngati kachasu kuti akhale waukali. Kutcheza kumaunjika pamodzi zinthu zoipa zimene mu vinyo zinali zochepa, ndipo nthunzi ya mowa imayaka moto mosavuta. Ku Britain lamulo limalola munthu kupanga vinyo wa pakhomo pake popanda chiphaso, koma kutcheza popanda chilolezo cha boma ndi mlandu, monganso kugulitsa vinyo wopanga nokha opanda ziphaso zoyenera. Amene muli m'mayiko ena funsani malamulo a kumeneko musanagulitse botolo ngakhale limodzi.